Kodi Gaba timangomukweza? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene ena a ku Area 25 andilembera pa imelo. Akuti anakangana ndi anzawo kuntchito mpaka kuweruka osalankhulana. Iwo akuti akatswiri ngati Gabadinho Mhango, Salah ndi Ronaldo timangowakweza, ndipo akufuna ndiwauze ngati Flames ili ndi mwayi wopitanso ku AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa. Achimwene, uthenga wanu ndauwerenga katatu, chifukwa mwanditosa pachilonda chakale.

Ine ndinakulira ku Kawale. Mpira tinayambira wachikulunga, wa majumbo omanga ndi mphira, magolo ake miyala iwiri. Nditafika kusekondale ankandiseweretsa pakati, nambala 6, ntchito yolanda mpira n'kupatsa ena. Kutsogolo kwathu kunali mnyamata wina wamanzere, woonda, amene kokonzekera masewero ankabwera akafuna. Pamasewero ena omaliza a chikho cha masukulu ndinathamanga mpaka malovu kuuma. Anandiponda pachidendene chigawo choyamba, ndinapitiriza motsimphina. Mnyamata uja masana onse anangoyendayenda manja m'chiuno. Kutatsala pang'ono kuti woyimbira amalize, ndinalanda mpira, n'kumupatsira, iye n'kupinda munthu mmodzi, n'kuchinya. Sukulu yonse inamunyamula m'mapewa. Aphunzitsi a zamasewero anamugulira nsapato za mpira. Ine ndinayenda ndekha kupita kunyumba, phazi litatupa, mayi anga n'kundithowa ndi madzi otentha. Palibe anatchula dzina langa Lolemba pa asembule.

Zimenezi zinandikhala mumtima zaka zambiri. Munthu akayamba kutamanda womwetsa zigoli, ine ndinkapsa mtima. Ndinkalankhula ndendende ngati inu: awa amangodya thukuta la anzawo.

Chinandisintha ndi usiku wa pa 25 January 2022. Tinadzazana m'kanyumba koonetsera mpira ku Mchesi, mabenchi osakwana, ena ataima pakhomo. Flames inali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, koyamba m'mbiri yathu kudutsa ndime ya m'magulu pa AFCON, ndipo tinkakumana ndi Morocco. Pamphindi ya 7 Gaba analandira mpira kutali, kumene munthu wanzeru zake sangaganize zomenya. Anadzutsa mutu, anaona Bono, goloboyi wa Morocco, wasuntha pagolo, anaumenya. Benchi yathu inagwa. Bambo wina amene sindimudziwa anandikumbatira akulira. Ndikubwerera kunyumba ndinakumbukira mnyamata wamanzere uja, ndipo ndinavomera chinthu chimene ndinkachikana kuyambira ndili mwana: chaka chimene iye anasamukira ku Blantyre, ine ndinapitiriza kulanda mipira ngati kale, koma timu yathu inangokhalira kulepherana osagoletsana. Ndinkalanda mpira koma wopatsa panalibe. Mphunzitsi angakuphunzitse kutseka, angakuphunzitse kuima pamalo, koma diso loona goloboyi wasuntha uli kutali chotero saphunzitsa munthu.

Choncho mukati Gaba timangomukweza, ine ndikukana. Zigoli ziwiri zimene tinagonjetsera Zimbabwe 2-1 pampikisano womwewo anamwetsa ndi iye. Ali ku Orlando Pirates mu 2019/20 anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya ku South Africa, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse. Zimenezo si nkhambakamwa za ochemerera.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzanu akuntchito aja, ndipo ndikamalemba mtima ukukwera. Ndani anatilowetsa mu ndime imene ija? Tinalepherana ndi Senegal 0-0 ku Bafoussam, Senegal ya Sadio Mané, yomwe pamapeto inatenga chikhocho. Tsiku limenelo amene anatisenza ndi Charles Thomu pagolo, ndi anyamata otseka kumbuyo amene anagwera mpira uliwonse ngati moyo wawo. Pitani lero pa depoti mufunse anthu khumi kuti anatchinga pagolo tsiku lija ndani, muone angati ayankhe. Chigoli cha Gaba aliyense ali nacho m'foni. Komanso masewero a Morocco aja tinagonja 2-1, En-Nesyri anabweza, Hakimi n'kutimaliza ndi firikiki. Chigoli chokongola chija sichinatipititse patsogolo. Vuto lathu si kutamanda katswiri ayi, vuto ndi kumusenzetsa denga yekha, kenako likagwa n'kumutukwana pa Facebook kuti ndi wamatama, wakalamba, akusewerera ndalama. Anthu omwewo amene anamuimbira nyimbo.

Tayang'anani anansi athu. Mu 2012 Zambia inakumana ndi Ivory Coast mu fainolo ya AFCON ku Libreville, pafupi ndi pomwe ndege inagwera ndi timu ya Zambia mu 1993. Ivory Coast inali ndi Drogba, Yaya Touré, Gervinho, mayina ogwedeza Ulaya. Zambia inali ndi anyamata ambiri osewera mu Africa momwe muno, otsogozedwa ndi Christopher Katongo. Drogba anaphonya penate, masewero anatha 0-0, Zambia n'kupambana 8-7 pamapenate. George Weah anatenga Ballon d'Or mu 1995, koma Liberia sinapondeko ku World Cup. Salah wa ku Egypt wafika mu fainolo ya AFCON kawiri, 2017 ndi 2021, konse wabwerako chimanjamanja. Kodi Weah ndi Salah ndi osewera wamba? Ayi ndithu. Timu ya dziko imakumana masiku ochepa, anthu ochokera m'makalabu osiyanasiyana, ndipo katswiri amene ku kalabu amapatsiridwa mpira ndi madolo anzake amapezeka akuusaka yekha pakati pa bwalo.

Ngakhale zathu zakale zikunena zomwezo. Pa 11 January 2010, pa AFCON ku Luanda, tinaswa Algeria 3-0, Algeria imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chimenecho. Zigoli zinachokera kwa anthu atatu osiyana: Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kafoteka anali wotseka kumbuyo. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri, munthu amene pa nthawi yake anali katswiri woposa onse, wa m'badwo umene unatibweretsera chikho cha East and Central mu 1978 ndi 1979. Iye ankadziwa kulemera kwa dzina, koma timu imene anapanga inali ya anthu odziwana mapazi.

Pali china chimene chimandiwawa, ngakhale simunafunse. Loweruka masana yendani mu Lilongwe muno, muwerenge majezi a Arsenal, Manchester United ndi Liverpool. Tikhoza kukangana usiku wonse za Messi ndi Ronaldo, anthu amene sadziwa n'komwe kuti Kawale ili kuti, koma Silver Strikers kapena Civo ikamasewera pakhomo pathu pano, ambiri a ife tili pa sikirini. Ndiye Gaba wina adzachokera kuti? Mabwalo a fumbi amene tinkasewerapo ena anamangapo nyumba. Mwana wa luso akafika zaka 15 palibe womutola, amakathera pa kabaza. Tili ndi Bingu National Stadium ku Area 48, bwalo lokongola lolowa anthu oposa 40,000, koma osewera sabadwira m'bwalo lalikulu.

Ndipo tikamakamba za akatswiri, bwanji timayamba ndi amuna? Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse. Mkulu wake Tabitha watsogolapo pa zigoli ku Italy ndi ku France. Scorchers, timu yathu ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kum'mwera kwa Africa mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Ngati alipo amene sitikuwakweza mokwanira, ndi atsikana awa.

Nanga za mwayi wa Flames?

Ku AFCON tapitako katatu kokha: 1984, 2010 ndi 2021 (ya 2021 inaseweredwa kumayambiriro kwa 2022). Ya 2023 ndi ya 2025 tinaonera pa kanema. Kuyambira 2019 matimu ndi 24, choncho khomo la 2027 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania silopapatiza ngati kale. Ine ndikuti tingathe, tikamapambana masewero a pakhomo ndiponso mphunzitsi akasiyidwa kuti agwire ntchito zaka zingapo ndi anyamata omwewo. Zotenga chikhocho musabetcherane ndi munthu.

Anzanu aja kawapatseni moni mawa, achimwene, ndipo muwafunse za Thomu.