Musatumize buku lonse, achemwali, ine zinandionekera

Achemwali, funso lanu loti kodi mutumize buku lonse limene mwalemba kwa alembi a kalabu yanu ndaliona ndili m'minibasi pa Linthipe, ndafika pakhomo sindinasonkhe n'komwe moto, ndangokhala pansi kuti ndikuyankheni. Buku lonse ayi. Kaya alembi a kalabu yanuyo anene kuti mlendo wodzayankhula pa Zoom akufuna kuliwerenga msonkhano usanafike, musapereke lonse. Ine ndinapereka, ndipo mpaka lero ndikamva kaphokoso kaja kolowera pa Zoom m'mimba mumanditentha.

Kalabu yathu sindiitchula dzina poti muli anthu abwino amene tinanyamula nawo njerwa pomanga zimbudzi pa sukulu ina cha ku Bembeke, tinkasonkha nawo ndalama zogulira mabulangete a okalamba nyengo yachisanu. Korona atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020 tinasiya kukumana mu holo, tinasamukira pa Zoom. Matenda atachepa chizolowezi chinatsala, chifukwa ambiri anali atapita ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi ntchito. Mwezi uliwonse kunkabwera mlendo, lero wa zaumoyo, mawa wa zamalonda. Mu Juni 2022 anati kukubwera wolemba mabuku, ndipo amene ali ndi zolemba atumize kuti awathandize.

Ine ndinali ndi nthano yaitali imene ndinaivutikira zaka zitatu. Ndinkalemba m'makope usiku ana akagona, kenako n'kumataipa pang'onopang'ono pa kompyuta ya kuntchito. Nkhani yake ndi ya agogo anga, amene anathawa nkhondo ku Angonia mu 1987, mwana kumbuyo, mphika pamutu, n'kudzatulukira cha ku Lizulu. Inu a kuno mukudziwa kuti malo ena msewu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, ndipo mpaka nkhondo ija kutha mu 1992 midzi yathu inali yodzaza ndi abale othawa. Aliyense wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ali ndi nkhani ya zaka zimenezo, koma ochepa ndi amene anailemba. Ndinkafuna ana anga adzaipeze papepala. M'mutu wachisanu ndi chinayi ndinalembamo zimene zinawachitikira azakhali anga panjira, zimene kwathu sizitchulidwa ngakhale pamaliro. Mayina ndinasintha. Mudzi sindinasinthe, chitsime sindinasinthe, ngakhale chipsera cha pa dzanja lawo ndinachisiya momwemo. Alembi ndinawauza pafoni, ndi pakamwa pangapa, kuti mlendo aone mutu woyamba wokha, enawo angodziwa kutalika kwa buku. Anati musadandaule mayi.

Tsikulo magetsi kunalibe chiyambire m'mawa. Mukukumbukira chaka chimenecho, namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale, mdima unali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Foni ndinakaitchajitsa kwa mnyamata wometa amene ali ndi sola, ndinagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo. M'nyumba mwathu netiweki siigwira, ndiye ndinakwera pa mwala wa kuseri kwa khola, nditavala juzi ziwiri, chitenje kumutu. Chisanu cha Dedza mu Juni dzuwa likalowa simufunika kuchita kuuzidwa. Zala zinali zitauma moti kudina foni kunali kovuta. Koma ndinali wosangalala, achemwali. Ndinkati lero munthu wodziwa aona ntchito yanga.

Tinalipo anthu oposa 20. Atcheyamani anatsegula, pemphero, malipoti a ndalama, kenako mlendo. Anayamba bwino ndithu, ndinkalemba m'kope mdima uli bii, ndikuunikira ndi foni yomweyo. Kenako anati tsopano tione chitsanzo cha mmene simuyenera kuyambira buku. Pa sikirini panatuluka tsamba langa. Dzina langa lonse pamwamba, ndi la bambo anga lomwe. Anayamba kuwerenga mokoka mawu dala, monga amachitira ana potsanzira agogo okamba nthano. Anati masamba atatu athunthu mayiwa akungotiuza za nkhungu pa phiri la Dedza, munthu sanatuluke ngakhale m'modzi, kodi buku ndi la nkhungu? Anthu anaseka. Ndinkawaona m'timabokosi tija, ena atagwira pakamwa, wina kulemba tizithunzi toseka pa chat. Ndinameza malovu, ndinati zilibe kanthu, ndabwera kudzaphunzira.

Ndiye anatsitsa masamba mothamanga n'kunena kuti koma pali malo amene mayiwa analemba zoona, apa ndiye pamene buku linayenera kuyambira. Mutu wachisanu ndi chinayi. Thupi lonse linachita dzanzi. Mu msonkhanomo munali mayi wina wokwatiwa kwathu, amene amatunga madzi pa chitsime chomwe ndinachilembacho, munalinso mkulu wa mpingo wathu. Ndinadina kadzanja kopemphera kuyankhula kaja, palibe anaona. Ndinatsegula maikolofoni ndikukuwa kuti chonde imani, chonde musawerenge pamenepo, koma netiweki inali itagwira njakata, chithunzi changa chitauma, mawu anga osatuluka. Iwo ndinkawamva modukaduka, liwu lililonse likundibaya: mtsinje, asilikali, dzanja, chipsera. Ndinaimirira pa mwalapo foni m'mwamba ngati ndikupempha mvula. Mawu atangoyamba kubwerera, Zoom inazima, poti kalabu inkagwiritsa ntchito yaulere ija imene imadula pakatha mphindi 40. Alembi anaponya linki ina pa WhatsApp. Kudina, bandulo yatha. Ndinathamanga mumdima kupita ku golosale ya pamsewu, ndinapeza atatseka. Ndinagogoda, galu yekha ndiye anandiyankha. Ndinakhala pa khonde la golosaleyo ndikulira ngati pamaliro, podziwa kuti uko akupitiriza kuwerenga moyo wa azakhali anga ine kulibe.

Ndipo anajambula. Palibe anatifunsa. M'mawa mwake vidiyo yonse inali pa gulu la WhatsApp la kalabu, akuti kuti amene anajomba apindule. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kumudzi. Azakhali anabwera Lachiwiri, anakana kulowa m'nyumba, anakana mpando, anakhala pansi pa khonde. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti mwana wanga, anakupatsa zingati anthu a m'tauniwo? Funso limenelo ndikanakonda akanandimenya mbama. Panatha chaka ndi miyezi osaponda pakhomo panga.

Alembi aja nditawaimbira anati mukanayenera kunyadira, mlendo anayamikira mutu umenewo pamaso pa anthu onse. Kunyadira! Munthu ndinamuuza mawu omveka, iye n'kungotumiza fayilo yonse osaitsegula n'komwe, osachotsa dzina, osamuuza mlendo malire, chifukwa chimene chinali kumutu kwake ndi chakuti pulogalamu ioneke yapamwamba ndipo zithunzi zikalowe pa Facebook. Atcheyamani anati zinangochitika, tisakulitse. Vidiyo anaichotsa patatha masiku anayi nditachita kuopseza kuti ndituluka, pamene aliyense anali ataikopera kale. Anthu otumikira anzawo, ogawa mabulangete kwa agogo a eni, koma mawu amodzi oti pepani anawalemera kuposa thumba la simenti. Mlendoyonso sindimuchotsa pa mlandu. Munthu wolemba mabuku amadziwa kulemera kwa tsamba ngati limenelo. Akanafunsa kaye kuti mwini wake alipo, akulola? Ndipo pomaliza, monga ndinaonera mu vidiyomo, anati mayiwa akanalemba m'Chingerezi poti Chichewa sichigulitsa. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero. Chiyankhulo chimene chakhala cha fuko chiyambire 1968, chimene ana athu amalembera mayeso a MSCE, chimene amayankhula ku Chipata ndi ku Tete komwe, akuti ndichisiye. Agogo anga sanathawe nkhondo m'Chingerezi.

Komabe ndikuuzeni zoona, poti mwafunsanso za malangizo a kalembedwe. Za nkhungu zija mlendoyo sananame. Nditatsegulanso bukulo patapita miyezi, ndinaona ndekha kuti masamba atatuwo anali ine ndikuwotha moto ndisanayambe ulendo. Ndinawang'amba. Tsopano buku limayamba usiku umene agogo anamva mfuti kutsidya kwa dambo n'kuyamba kusankha kuti mwa mbuzi, mphika ndi chithunzi cha ukwati atenge chiyani. Yambani pamene mavuto agogoda pakhomo. Phiri, nkhungu, minda ya kachewere, zonsezo zilowe pamene mpangankhani wanu akuyenda, azione ndi maso ake ali ndi nkhawa zake.

Mpangankhani wamkulu azifuna chinthu chimodzi chogwirika, ndipo pazikhala chomutchinga. Osati akufuna moyo wabwino, zimenezo aliyense amafuna. Agogo m'buku langa akufuna kuwolotsa ana anayi onse amoyo, basi, ndipo mutu uliwonse umawalanda kanthu. Mukamaliza mutu dzifunseni kuti chasintha n'chiyani. Ngati onse ali momwe analili poyamba, mutuwo ndi katundu wongolemetsa. Woipa wa m'nkhani yanunso mumupatse chifukwa chake. Ine msilikali ndinamulemba poyamba ngati chilombo chabe, buku linayamba kupuma nditakumbukira kuti ena mwa iwo anali anyamata ogwidwa m'midzi momwemo.

Zokambirana ndiye pamene ambiri timagwera. Timalemba anthu akuyankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Pitani pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano, khalani pafupi ndi amayi a kabichi ndi tomato, mvetserani. Munthu sanena kuti ndakwiya, amati zikomo, pitani bwino. Mkamwini sayankhula ndi apongozi monga ayankhulira ndi anzake ku bawo. Mukalemba werengani mokweza, lilime likapunthwa pamenepo pali vuto. Miyambi musaiwaze ngati mchere wa munthu wakhungu, umodzi woikidwa pakamwa pa munthu woyenera umakwana mutu wonse. Ndipo sankhani kalembedwe kamodzi ka mawu n'kukhala nako, osati tsamba ili bambo, tsamba linalo abambo kwa munthu yemweyo popanda chifukwa.

Za nthawi musadikire tchuthi. Mawu 300 patsiku ndi tsamba limodzi lokha, koma pa masiku 100 ndi mawu 30,000. Lembani mpaka kumapeto musanayambe kukonza, mukatero muliike m'sutikesi mwezi wathunthu. Lemberani m'kope kaye, magetsi athuwa mukuwadziwa, ndipo chilichonse chimene mwataipa muzidzitumizira pa imelo tsiku lomwelo. Zimenezo zimasunga ntchito foni ikabedwa, zimasiyanso umboni wa tsiku. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zimene mwalemba, ndipo a COSOMA ku Lilongwe ndi amene amaona za nkhani zimenezi, mukhoza kukafunsa. Koma lamulo silingakubwezereni azakhali. Ngati m'buku mwanu muli m'bale wamoyo, kusintha dzina sikukwana. Sinthani mudzi, chaka, kuchuluka kwa ana, kapena pitani mukakhale nawo pamphasa muwapemphe. Ine ndinkaopa kuti akana, n'chifukwa chake sindinapemphe, ndipo pamenepo mlandu ndi wanga.

Ku msonkhanoko pitani, musajombe. Ndipo mukatumiza masamba asanu okha mlendo sangaone kanthu, zimenezo ndiyenera kuvomera: akanakhala kuti anangoona mutu wanga woyamba, akanandiuza za nkhungu basi, osadziwa kuti mtima wa buku uli kutsogolo, ndipo ine ndikanapitiriza kusochera. Ndiye mwina tumizani mitu itatu, kapena inayi, ndi tsamba limodzi lofotokoza nkhani yonse mpaka mathero. Ngati mukumukhulupirira mlendoyo, pemphani imelo yake mumutumizire nokha zochulukirapo, osadzera kwa alembi. Dzina lanu lisakhale pa fayilo. Lembani uthenga, osati kuimba, wonena tsamba limene angaonetse pagulu ndi limene sangaonetse, ndipo akuyankheni molemba. Funsani ngati ajambula, akati inde funsani kuti vidiyo ipita kuti. Gulani bandulo yokwanira maola awiri, zimitsani kamera kuti isadye data, yesani malo ogwira netiweki dzulo lake pa ola lomwelo. Mukhalenso ndi mnzanu m'modzi mu msonkhanomo, wa m'tauni kumene netiweki siivuta, amene mwamuuza kuti ine ndikaduka ndipo wina akadumpha malire, iwe tsegula maikolofoni uimitse.

Azakhali anabwera Khirisimasi yapitayi, anadya nsima pakhomo pano. Za buku sitinakambe. Mutu wachisanu ndi chinayi ulipobe mu kompyuta, sindinaufufute ndipo sindinauonetsenso kwa munthu. Mundiuze tsiku ndi ola la msonkhano wanuwo, ngati amalola alendo ndilowa, ndikhale ine mnzanu wa maikolofoniyo, ndikakhala ku boma kumene netiweki imagwira.