Yandipulumuka ndi madola 10 okha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene watolera ndalama zakale zachitsulo kwa zaka zambiri. Akuti pa okushoni ya pa intaneti anaona ndalama yasiliva imene wakhala akuifunafuna, anaika malire a madola 400, ndipo inapita pa madola 410. "Mpaka lero mtima ukundiwawa," akutero. "Kodi ndinalakwa posawonjezera pang'ono?"

Bambo, pepani. Ululu umenewo ndimaudziwa, inenso unandigonetsapo ndi maso. Koma nambala ija ya 410 yakunamizani.

Pa okushoni zambiri za pa intaneti, munthu amalemba mtengo wake wotsiriza mobisa, ndipo kompyuta ndi imene imamukwezera pang'onopang'ono, kungopitirira mnzake ndi sitepe imodzi basi. Mtengo umene unaoneka pamapeto ndi malire anu omwe, kuphatikiza kasitepe kamodzi. Za m'thumba mwa wopambanayo simunazione. Mwina analemba 415, mwinanso 900. Mukanati 420, mwina kompyuta ikanayankha 430 musanaphethire n'komwe, ndipo lero bwenzi mukundilembera kalata yomweyi ndi nambala zina. Komanso musaiwale kuti nyundo ikagunda nkhani sinathe: makampani akuluakulu a okushoni amawonjezera gawo lawo kwa wogula, kawirikawiri pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, kenaka za kutumiza. Anthu ambiri amene "apambana" amadandaula biluyo ikafika, kungoti iwo salemba makalata.

Ena akuuzani kuti madzi akatayika saoleka. Zoona, koma ndalama yachitsulo si madzi. Imakhala nthawi yaitali kuposa eni ake, ndipo eni akewo amatopa nayo, amagwa m'ngongole, amamwalira, ana n'kukagulitsa.

Taonani Double Eagle ya 1933, ndalama yagolide ya madola 20 ya ku America. Anasula 445,500, koma boma la Pulezidenti Roosevelt litaletsa anthu kusunga golide, pafupifupi zonse zinasungunulidwa. Imodzi inakafika kwa Mfumu Farouk ya ku Egypt. Mfumuyo itachotsedwa pampando mu 1952, katundu wake anagulitsidwa pa okushoni ku Cairo mu 1954, koma ndalama iyi anaichotsa pamndandanda boma la America litapempha, n'kuzimirira. Imene amakhulupirira kuti ndi yomweyo inatulukira mu 1996 ku New York. Mu 2002 a kampani ya okushoni ya Sotheby's anaigulitsa pa madola 7.59 miliyoni. Amene analephera tsikulo mwina ankati basi zatha. Koma mu 2021 mwini wake, Stuart Weitzman wopanga nsapato uja, anaibweza kumsika, ndipo inapita pa madola 18.9 miliyoni. Inde inabwera, patatha zaka 19, mtengo utaposa kuwirikiza kawiri. Ndiye sindikunamizeni kuti kudikira n'kwaulere.

Apa ndi pamene funso lanu lagona. Kodi ndalama yanuyo ndi yosowa zenizeni, kapena yangosowa kwa inu? Nickel ya Liberty Head ya 1913, ndalama ya masenti 5 ya ku America, zodziwika zilipo 5 zokha, dola ya ku America ya 1804 zilipo 16. Zoterezi zikakudutsa ukhoza kukalamba usanazionenso. N'chifukwa chake John Jay Pittman, wotolera wa ku America amene sanali mpondamatiki, anachita kuika nyumba yake chikole kuti apite ku okushoni ya Farouk ija. Ankadziwa chimene akugula. (Sindikuti inunso mukaike nyumba, chonde.) Koma ndalama ya madola 400 nthawi zambiri imakhala ndi abale ake mazanamazana m'madirowa a anthu. Tsegulani zolemba za malonda akale pa webusaiti ya kampani ya okushoni ya Heritage Auctions kapena ya Stack's Bowers, muwerenge kuti mtundu wanuwo, wosaperepeseka ngati umenewo, wagulitsidwa kangati m'zaka 5 zapitazi komanso pa mitengo yanji. Mukapeza kuti imatuluka kawiri kapena katatu pa chaka, gonani tulo.

Mukapeza kuti inatuluka kamodzi kokha, pamenepo ndivomereza kuti munalakwa, koma osati mphindi yomaliza ija. Munalakwa usiku umene munalemba 400 musanafufuze. Sungani chithunzi chake, nambala ya loti, ndi nambala ya satifiketi ngati inali m'kapulasitiki ka PCGS kapena NGC, makampani oyesa ndi kutsimikizira ndalama zachitsulo. Ndi nambala imeneyo mudzaizindikira ikadzatulukiranso.