Printa ya marisiti ikungolemba zilembo zachilendo, vuto lili pa COM port?

Funso: Achimwene zikomo, ndili ndi kashopu ka hadiweya ku Limbe nde ndagula printa ya marisiti ya Epson yakale kwa munthu wina amene watseka golosale yake. Ndi ya serial, laputopu yanga ilibe polowetsa chingwe chimenecho ndiye ndinagula kachingwe ka USB to serial. Ikuyaka bwinobwino koma ndikatuma risiti ikumangotulutsa timafunso ??? ndi tizilembo tosadziwika mpaka pepala kutha. Andibera kapena?

Yankho: Ayi bwana sanakubereni, ndipotu zinyalala zikutulukazo kwa ine ndi nkhani yabwino chifukwa zikuonetsa kuti printa ili moyo, chingwe chikudutsitsa uthenga, draiva (kapulogalamu koyendetsa kachingweko) yalowa. Changotsala ndi chakuti laputopu ndi printa sizinagwirizane liwiro loyankhulirana. Serial si ngati USB imene ukangolumikiza zimafunsana zokha, iyi ndi RS-232 ya makedzana, mbali iliyonse imakhala ndi masetingi ake ndipo palibe imene imafunsa inzake, wina akamayankhula pa 9600 mnzake nkumamvera pa 19200 kapena 38400 zotuluka zake ndi zimene mukuonazo basi.

Nde musayambe ndi kulotera manambala pa laputopu, yambani mwaifunsa printayo. Izimitseni, pepala lili mkati chivindikiro chotseka, dinikizani batani la FEED osalisiya kenako muiyatse. Itulutsa yokha kapepala ka self test, pamenepo pamalembedwa baud rate (liwiro lija), data bits, parity ndi handshake. Kapepalako musakataye, ine ndimakamata ndi selotepi kunsi kwa printa kuti tsiku lina wina asadzavutike.

Mukatero pitani pa laputopu, dinani kumanja pa batani la Start musankhe Device Manager, pezani palembedwa Ports, muona kachingwe kanu kali ndi nambala yake, mwina COM3 mwina COM7. Dinani kawiri, Port Settings. Pa Bits per second ikani nambala ili pa kapepala kaja ndendende. Zida zambiri zimayendera 8N1, kutanthauza Data bits 8, Parity None, Stop bits 1, koma tsatirani kapepala osati ine, chifukwa kuli masikelo ndi makina ena akale amene amayendera Data bits 7 ndi Parity Even, ndipo pamenepo ukalakwitsa zilembo zina zimatuluka bwino zina nkupotoka, zimasokoneza mutu kuposa baud rate.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri. Pulogalamu yogulitsira mu shopu nthawi zambiri imakhala ndi masetingi akeake a port ndipo ikatsegula COM imaika ake, a mu Device Manager aja osawalabadira nkomwe. Munthu amasintha ku Windows kakhumi konse palibe chikusintha kenako nkuyamba kutukwana printa. Lowani mu pulogalamuyo mufufuze pa masetingi a printa, muikenso zomwezo.

Flow control musaisiye, ndiyo handshake ya pa kapepala kaja. Iyi ndi njira imene printa imauzira kompyuta kuti taimani kaye ndadzadza. Ikakhala yolakwika risiti yaifupi imatuluka bwino koma yaitali, ya kasitomala wogula malata, misomali, simenti ndi penti nthawi imodzi, imadukira pakati kapena kudumpha mizere. Kapepala kakati XON/XOFF sankhani Xon/Xoff, kakati DTR/DSR sankhani Hardware kapena DTR/DSR ngati pulogalamu yanu ili nayo.

Kunsi kwa ma printa a Epson a mtundu wa TM-T88 kuli kachitseko ka sikuluwu imodzi kobisa timasiwichi ta DIP tosinthira liwiro la printayo, koma ine sindikulangizani kukhudza, nkwapafupi kusintha laputopu. Mukakakamizika muzimitse kaye printa.

Funso: Ine vuto langa ndi lina, sikelo yanga yoyezera soya sikutumiza kalikonse ku kompyuta, olo kachilembo kamodzi. Baud rate ndaika ya mu buku lake.

Yankho: Zii wa mtundu umenewu kawirikawiri si baud rate ayi, ndi nambala ya COM kapena chingwe. Tichingwe ta USB to serial timatha kusintha nambala mukangotisamutsira pa USB ina, dzulo COM3 lero COM6, pulogalamu ikadali kudikira pa COM3. Komanso mapulogalamu ena akale amangoona COM1 mpaka COM4. Pa Port Settings pomwe paja dinani Advanced, mupeza COM Port Number, ipatseni nambala yaing'ono, ndipo kachingweko kazikhala pa USB imodzimodziyo masiku onse.

Mukaona kachizindikiro kachikasu ndi Code 10 mu Device Manager, kawirikawiri nkachingwe kokhala ndi chip ya Prolific PL2303 yachinyengo kapena yakale kwambiri imene draiva yatsopano imaikana. Anthu amalimbana nkusaka draiva yakale, Windows nkuisinthanso yokha sabata yamawa, ine ndinatopa nazo, ndimangogula ka chip ya FTDI. Ka chip ya CH340 nkotchipa ndipo kamagwira mukaika draiva yake.

Kuti mudziwe ngati kachingwe kali bwino chitani loopback, kutanthauza kuti zimene mwatumiza zikubwerereni pa kachingwe komweko. Pa pulagi ya DB9 ya mapini 9 ija, pini 2 ndi yolandira, 3 yotumiza, 5 ndi ground, timanambala tinalembedwa pambali pa mapini ngakhale ntating'ono zedi. Lumikizani 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani pulogalamu yotchedwa PuTTY, sankhani Serial, lembani COM yanu ndi 9600, flow control None, kenako lembani chilichonse pa kiyibodi. Zilembo zikamaoneka ndiye kuti kachingwe ndi draiva zili bwino, mukachotsa kawayako zisiye kuoneka. HyperTerminal, pulogalamu yakale ya Windows ya ntchito yomweyi, musaisake, anaichotsa kuyambira pa Windows Vista.

Loopback ikatheka koma sikelo ikadali chete, mwina ikufuna chingwe cha null modem chimene 2 ndi 3 zinapingasa mkati, pomwe inu muli ndi chowongoka, kunja zimafanana ndendende nde yezani ndi multimeter. Muonenso mu menyu ya sikeloyo, ena satumiza kulemera mpaka mutadina PRINT kapena mutaika pa continuous (kutumiza osalekeza).