Mwera wa Julayi unandigoneka pakati pa nyanja ine

Achimwene, mwati mukufuna malangizo a ulendo wa pa boti pa nyanja ya Malawi mu Julayi? Senga Bay mpaka Likoma, injini imodzi ya 40 horsepower? Ndangowerenga thupi lonse lachita tsemwe. Ndipo inu amene mukuwayankha kuti "bola mafuta akwane basi", chonde khalani kaye chete. Mafuta ife anatikwana, mpaka tinabwerera nawo kumtunda zigubu zitatu zosatsegula. Ndipo tinagona pamadzi.

Tinalipo 6: ine, achimwene anga aakulu, alamu, mwana wawo wa zaka 11, mnzanga wa kuntchito, ndi woyendetsa yemwe mwini boti anatipatsa. Alamu kwawo ndi ku Likoma, ndiye tinati m'malo mokwera Ilala tipite mwa tokha, tizikaima pomwe tafuna. Boti la fayibala, Yamaha Enduro kumbuyo, chimodzimodzi lomwe mukunenalo. Tsiku loyamba palibe chosimba. Tinanyamuka m'bandakucha, chilumba cha Mbenji tinangochiona chapatali, nyanja ili yalee ngati mphasa, masana tili ku Nkhotakota tikudya chambo. Makilomita pafupifupi 100 amenewo ndi amene anatipusitsa, tinayamba kudziona ngati eni nyanja.

Inali nthawi ija petulo ankasowa. Pa Nkhotakota paja pampu ili gwaa, galimoto zili pamzere kuyambira dzulo lake. Woyendetsa uja akuti musadandaule bwana, ndili ndi munthu wanga. Munthu wakeyo anabwera usiku pa njinga ya kabaza ndi zigubu 4 za malita 20, mtengo wowirikiza. Tinangonunkhiza, tinaunika ndi tochi ya foni, tinalipira. Ndimati ndikakumbukira kuti ndinamuthokoza ndi manja awiri munthu ameneyo, mtima umandiwawa mpaka lero.

Pangano lathu linali lotsata gombe mpaka Nkhata Bay, kugona, kenako n'kuoloka kudzera ku Chizumulu. M'mawa mwake woyendetsa wasintha nyimbo. Akuti kuzungulira konseko n'kutaya mafuta, tingodula pano, makilomita 100 ndi pang'ono, nkhomaliro tikadyera ku Likoma. Pagombepo panali agogo ena akusoka ukonde. Anayang'ana kumwera, anayang'ana boti lathu, n'kuti, "Ana inu, lero si la ulendo." Sanawonjezere kanthu. Woyendetsa anaseka, akuti agogowa anazolowera nkhafi, injini saidziwa. Ifenso tinaseka nawo. Ee, ndinaseka, sindibisa.

Mpaka cha m'ma 8 zinali bwino. Kenako kamphepo kozizira kanayamba kuwomba kukhutu la kumanja, madzi anasintha mtundu, kuchoka kubiriwira kuja n'kuda bii, timitu toyera tayamba kuoneka uku ndi uku. Pasanathe ola limodzi mwera wafika wonse. Amene simunaonepo mafunde a nyanja yathuyi, vuto si kutalika kwake kokha ayi, ndi kuthithikana. Ili likukukweza, usanatsike bwinobwino lina lafika kale. Kumbuyo mtunda wa Nkhotakota wazimirira, kutsogolo mapiri a ku Mozambique sakuoneka chifukwa cha chifunga cha nyengo imeneyi. Madzi okhaokha.

Apa m'pamene petulo wa ku Salima anathera mu thanki. Tinathira wa munthu wake uja, theka akutayikira m'boti chifukwa cha kugwedezeka. Tinayenda mwina mphindi 15. Injini inatsokomola kawiri, inadzuka, inatsokomolanso, ziii.

Phokoso la injini likatha pakati pa nyanja, abale, umamva zinthu zomwe sumazimva. Mphepo, madzi akumenya m'mbali, munthu akupuma. Ndipo boti likangotaya liwiro limatembenuka lokha n'kupereka nthiti ku mafunde. Funde loyamba linatipendeketsa mpaka ndinaona madzi ali pamwamba pa phewa la achimwene. Lachiwiri linalowa. Chikwama cha zakudya, nsapato, thanki, zonse zikuyandama m'miyendo. Woyendetsa akukoka chingwe cha injini, kukoka, kukoka, mpaka chingwecho chinaduka n'kumugwetsa chagada. Ndikuti tulutsa mapulagi tione. Alibe sipanala ya pulagi. Munthu wotenga miyoyo ya anthu kuoloka nayo nyanja, m'kathumba kake muli pulayazi ndi sikuludiraiva yakutha mano. Ndikuti ponya nangula. Chingwe cha nangula mamita 15. Pamenepo pansi pali kutali bwanji? Nangulayo ankangolendewera ngati ndolo.

Majekete oyandamitsa analipo atatu, anthu 6. Mwini boti pa foni anati alimo okwanira, ife osawerenga. Tinaveka mwana, alamu, ndi mnzanga uja chifukwa sadziwa kusambira ngakhale pang'ono. Lina mwa atatuwo zingwe zake zinali zoduka, tinachita kumanga ndi lamba wa thalauza.

Amene anatipulumutsa ndi alamu, ndinene pano pagulu. Mwana wa msodzi. Sanakuwe, sanalire. Anangoti chotsani nangulayo, mangani ndowa kuchingwe, ponyani kutsogolo. Ndowa ikadzaza madzi imakoka, ndiye mphuno ya boti imaloza komwe kukuchokera mafunde m'malo mopereka m'mbali. Zinathekadi, kwa mphindi mwina 20, kenako chogwirira cha ndowa ya pulasitikiyo chinathyoka, ndowa yapita. Tinapendekekanso. Anatenga lona yomwe tinafunditsira katundu, anamanga ngodya zonse zinayi pamodzi ngati akumanga mtolo wa ufa, tinalumikiza chingwe chilichonse chomwe chinali m'botimo, n'kuponya. Lona imeneyo ndi imene inatigwira mpaka kucha. Ine ndi achimwene tinadula chigubu cha madzi akumwa pakati n'kuyamba kukapa, wina akatopa wina, manja mpaka matuza kuphulika.

Woyendetsa? Anali atakhala pansi pakati pa boti, mutu m'mawondo, akusanza. Katswiri uja. Masana ake ndi pomwe anaulula kuti sanaolokepo nyanja chibadwire, ntchito yake inali yozungulitsa alendo pa chilumba cha Namalenje ku Senga Bay n'kubwerera ku loji. Achimwene anachita kundigwira mkono.

Mafunde atapepukako pang'ono ndinathira petulo uja m'botolo loonekera la madzi. Sipanatenge nthawi, mzere unaoneka: pansi madzi okwana zala ziwiri, pamwamba petulo. Madzi amalemera kuposa petulo ndiye amakhala pansi, ndipo payipi ya thanki imayamwa pansi pomwepo. Tinayesa kutsanula wa pamwamba yekha, koma mu kabuleta munali mutadzaza kale madzi, ndipo kasikulu kotsitsira kanali kogwira dzimbiri, sikuludiraiva ija ikungoterereka. Kasikulu kochepa ngati njere ya chimanga, anthu 6 kugonera pamadzi chifukwa cha iko.

Usiku sindikudziwa ndiufotokoze bwanji. Julayi, zovala zonyowa, mphepo. Mano kuchita kulumana. Mdima wake woti funde sukuliona, ukungolimva likubwera. Mwana uja sanalire tsiku lonse, koma pakati pa usiku anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo aang'ono, pano ndi pakuya bwanji?" Ine ndikudziwa kuti nyanja imeneyi cha kumpoto imafika mamita 700. Ndinamuuza kuti si pakuya kwenikweni. Anangoti "chabwino", ndipo ndinadziwa kuti wadziwa kuti ndanama. Mnzanga wa kuntchito, munthu woti kutchalitchi anasiya kalekale, anayimba nyimbo za m'buku zonse zomwe ankazikumbukira, mavesi osokonekera, palibe anamuletsa.

Tsopano imvani izi, chifukwa ndi zimene zimandipsetsa mtima kuposa mafunde. Cha m'ma 2 usiku tinaona kuwala chapatali kumanzere, alamu anati kumeneko ndi ku Dwangwa. Foni ya achimwene, yomwe inali mu jumbo, inagwira netiweki kadontho kamodzi. Tinaimbira mwini boti. Funso lake loyamba: "Injini ili bwino? Isamire injiniyo, ndi ya ndalama zambiri." Sanafunse za mwana. Sanafunse ngati tonse tili moyo. Anati atumiza boti kukacha, ndipo foni inaduka. Sanatumize. Sanauze apolisi a panyanja, sanauze aliyense. Titabwerera anatipatsa pepala loti tilipire kukonzetsa kabuleta, chingwe cha injini, ndi ndowa. Ndowa! Ndipo chikole chathu anakana kubweza, akuti petulo woipa tinagula tokha. Amene anatitengera kwa wogulitsayo si mnyamata wake? Munthu ameneyu adakachitabe bizinesi. Dzina sinditchula pano, koma Mulungu akumuona.

Mphepo inagwa cha kum'bandakucha. Kutayera tinaona mtunda, ndipo boti la matabwa la asodzi linatipeza tikukupiza chitenje cha alamu pa nkhafi imodzi yomwe tinali nayo. Anali a Chitonga, anatikoka ndi kainjini ka 15 mpaka kugombe cha ku Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Ganizani, tinaloza Likoma, mwera unatibweza tsidya lomwe tinachokera. Anatiphikira tiyi ndi chinangwa, ndalama anakana, tinachita kuwakakamiza kuti alandireko ya mafuta. Mmodzi wa iwo anamasula kasikulu kaja ndi mpeni pa mphindi ziwiri.

Winawake pamwambapa walemba kuti "ndi nyanja ya madzi ozizira chabe, si ya mchere". Akulu, kutalika kwake ndi makilomita oposa 560, ndipo mwera umayenda mtunda wonsewo popanda choutchinga, ukukulitsa mafunde. Sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inamira mu Julayi 1946 kumpoto uko, anthu oposa 140 anapita. Ilala yayenda panyanjayi kuyambira 1951, koma funsani aliyense amene anaikwera nthawi ya mwera akuuzeni momwe anthu amagonera pansi ndi majumbo kukamwa. Inu ndi kafayibala ka mamita 7.

Ndiye achimwene, mwafunsa malangizo. Julayi musiyeni, Juni ndi Ogasiti yemwe. Dikirani Okutobala, kukutentha, mvula ndi mpoto zisanayambe. Musadule kuchokera ku Nkhotakota ngati ife. Kwerani mpaka Nkhata Bay, kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo Chizumulu ali panjira ngati zavuta. Nyamukani kusanache, ngakhale ifenso tinanyamuka kusanache, koma nyamukanibe. Mpaka Nkhata Bay tsatani gombe, muziona mtunda nthawi zonse. Komanso musayandikire kwambiri, kugombe ndi kumene mafunde amaswekera, kuli miyala, kuli maukonde okulunga pulopela, ndipo pa mathiriro a Bua ndi Dwangwa pali mchenga wobisika, mvuu ndi ng'ona zili konko. Kunena zoona ife chomwe chinatisunga usiku uja n'choti tinali kutali ndi miyala. Ndiye muone nokha.

Petulo wa m'zigubu musagule, zivute zitani. Koma poti m'madoko ambiri mukafika simupeza pampu pafupi, mudzagulabe, ndiye yendani ndi botolo loonekera, chigubu chilichonse muzithirako kaye, makamaka wa pansi, mudikire muone. Oyilo wa 2-stroke nyamulani wanu, theka la lita pa thanki ya malita 25, musadalire kuti mukagula kutsogolo. Mafuta muwerengere kuti mukafike ndi gawo limodzi mwa atatu likadalipo, chifukwa pa mafunde injini imamwa kuposa momwe munayesera pa bata. Injini yachiwiri, ngakhale ka 15, ndi thanki yakeyake ya petulo wogula kwina, apo ayi zonse ziwiri zidzatsokomola limodzi. Sipanala ya pulagi, mapulagi apadera, pulopela ina, chingwe cha injini chapadera, chingwe chachitali mamita 50 kapena kuposa, nkhafi ziwiri, tochi yeniyeni osati ya foni, lona. Majekete muwerenge ndi dzanja lanu, mmodzi mmodzi avale muone zingwe. Kasikulu ka pansi pa kabuleta mukamasule muli kumtunda muone ngati kakutheka.

Aliyense wokuuzani kuti "nyanja ndimaidziwa" musamukhulupirire. Koma musapite opanda munthu woidziwa, ndipo akhale wa ku Likoma kapena Chizumulu amene amaoloka kawirikawiri, mumufunse mayina a malo omwe mungathawire, akayamba kukanda mutu musiyeni pagombe pomwepo. Agogo osoka ukonde akati lero ayi, tsitsani katundu. Uzani ofesi ya za panyanja kapena apolisi a pa doko nthawi yonyamuka ndi yomwe mukuyembekezera kufika, osati mwini boti yekha. Mapasipoti tengani, Likoma wazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, mphepo ikakukankhirani ku Cobue kapena Metangula mudzafunika chofotokoza. Ana asiyeni akwere Ilala ndi amayi awo. Ngakhale kwa ife pakanapanda amayi a mwana bwenzi pano mukuwerenga za maliro athu.

Ku Likoma tinakafikabe sabata yomweyo, pa Ilala, kuchokera ku Nkhata Bay. Ndinalowa mu tchalitchi cha St Peter's n'kukhala pabenchi ola lathunthu osayankhula. Achimwene anga mpaka lero sakwera ngakhale bwato la pa Shire. Koma mukasintha n'kuika Okutobala, ndipo mpando ulipo, ndilembereni ku inbox. Ndowa ndibweretsa yanga, yachitsulo.