Funsani za Nyimbo: Tisankhe Bwanji Zimbale Popanda Kudana?

FUNSO

A Mkonzi, ndife anthu 12, achibale ndi mabwenzi amene tidakulira limodzi ku Balaka, koma lero tidabalalika chifukwa cha ntchito. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ndipo mchemwali wanga ali ku Leeds. Tidagwirizana pa gulu lathu la WhatsApp kuti tikonze mndandanda umodzi wa nyimbo woti tonse tizimvera, ndipo aliyense atchule chimbale chimene amachikonda. Nkhaniyi idayamba bwino, koma tsopano yafika poipa. Amalume athu akuti mndandandawo udzaze ndi zimbale za malemu Lucius Banda popeza ndi mwana wa kwathu. Achinyamata akuti masiku ano palibe amene amamvera chimbale chathunthu, choncho tizingosankha nyimbo imodziimodzi. Alamu anga, omwe ndi mayi wopemphera kwambiri, akuti sangamvere nyimbo za rege. Ena akuti tingovota basi. Kodi tichite bwanji kuti ntchitoyi itheke popanda kudana?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti musavote. Mukavota, chimene chidzapambane ndi chimbale chomwe nonsenu mumachidziwa kale, pamene chimbale chokondedwa ndi munthu mmodzi yekha, chomwe mwina ndicho chikadakutsegulani makutu, chidzagwa pa tsiku loyamba lomwelo. Amene chimbale chake chagwa amayamba kukhala chete pa gulu, ndipo pakatha mwezi mudzapeza kuti mwatsala anthu anayi okha amene mukukambirana. Ntchito yanuyi iyende monga chidyerano cha kumudzi, pamene nyumba iliyonse imabwera ndi mbale yake ndipo palibe amene amabweza ndiwo za mnzake asadazilawe.

Popeza mulipo 12, aliyense apatsidwe sabata imodzi, ndipo m'miyezi itatu mudzakhala mutazungulira nonse. Mwini sabatayo atchule chimbale chimodzi chokha, ndipo afotokoze ndi mawu ake, makamaka pojambula uthenga wa mawu, chifukwa chimene wachisankhira: adachimva koyamba ali kuti, ndi nyimbo iti imene imamugwira mtima, ndipo anzake atchere khutu pa chiyani, kaya ndi gitala, kaya ndi mavume, kaya ndi uthenga. Kufotokozaku musakupeputse, chifukwa munthu amamvera mosiyana nyimbo imene wauzidwa kuti mlongo wake ankaiyimba polera mwana wodwala. Onse amvere chimbalecho kuchokera pa nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ndipo Loweruka madzulo mukambirane. Poika nthawi ya zokambiranazo kumbukirani kuti wotchi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu, koma ku Leeds imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo ya chaka.

Achinyamata anuwo akunena zoona pa mbali imodzi. Oyimba ambiri a lero amatulutsa nyimbo imodzi ndi kanema wake, n'kudikira kuti aone mmene anthu ailandirira asadatulutse ina, ndipo ena atchuka dziko lonse alibe chimbale ndi chimodzi chomwe. Koma nyimbo zambiri zimene amalume anu akuzilirira sizidapangidwe motero. Zidatuluka pa kaseti, yokhala ndi mbali ziwiri, ndipo womvera sankatha kudumpha nyimbo mwachisawawa monga tichitira pa foni. Amene adakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira kulowetsa cholembera pa bowo la kaseti n'kumaipukusa ndi dzanja pofuna kubweza tepi popanda kutha mabatire, omwenso ankayanikidwa pa dzuwa kuti apezeko mphamvu pang'ono. Kudumpha nyimbo kudali ntchito, choncho anthu ankamvera zonse, ndipo oyimba, podziwa zimenezi, ankaganizira bwino nyimbo yotsegulira mbali yoyamba, yotsekera, ndi yodzutsa womvera akatembenuza kaseti. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu amene wamva nyimbo imodzi yotchuka ya pa chimbale chotere wamva gawo lochepa chabe la zimene woyimbayo ankafuna kunena.

Njira yogwirizanitsa mbali ziwirizi ilipo. Mukatha kumvera ndi kukambirana chimbale cha sabatayo, sankhani nyimbo ziwiri kapena zitatu za m'menemo kuti zilowe pa mndandanda waukulu. Imodzi asankhe mwini sabata popanda womutsutsa, zinazo musankhe pamodzi. Pomaliza mudzakhala ndi nyimbo za pakati pa 24 ndi 36, zokwanira ulendo wa pa basi kapena tsiku lochapa, ndipo iliyonse idzakhala ndi mbiri imene nonse mukuidziwa. Wachinyamata amene woyimba wake alibe chimbale aloledwe kusonkhanitsa nyimbo zisanu ndi zitatu kapena khumi za woyimba yemweyo, aziyale mu dongosolo lake, ndipo afotokoze chifukwa chake wayamba ndi iyi n'kumaliza ndi iyo. Akachita zimenezi adzazindikira yekha ntchito imene oyimba akale ankagwira.

Kwa amalume anu, muwauze mwaulemu kuti chikondi chawo pa Soldier, dzina lina la Lucius Banda, n'chomveka, koma malo awo ndi amodzi monga a wina aliyense. Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 June 2024, adasiya zimbale pafupifupi 20, ndipo zonsezo zitalowa pa mndandanda sipangatsale mpata wa munthu wina. Kusankha chimodzi kudzawavuta, koma kuvutikako n'kopindulitsa chifukwa kudzawachititsa kunena chimene amakonda kwenikweni mwa woyimbayo. Akadandifunsa ine, ndikadawalozera ku chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe chidajambulidwa ku South Africa ndipo chidamveka m'dziko muno pa nthawi ya kusintha kwa ndale, m'zaka za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Ana amene adabadwa zipani zitachuluka kale sadziwa mmene zinkamvekera kuti mnyamata wa ku Balaka aziyimba poyera za mavuto a anthu osauka, m'dziko limene anthu adazolowera kunong'ona. Amalume anu ndiwo angawafotokozere zimenezi bwino kuposa buku lililonse. Ndiponso, popeza nonse ndinu a ku Balaka, wina asankheko chimbale cha Alleluya Band, gulu limene lidayambira pa parishi ya Katolika kumeneko m'zaka za m'ma 1970, momwe Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius adasulira luso lawo. Kumvera ziwirizi motsatizana kudzakuonetsani kumene kayimbidwe ka ku Balaka kadachokera.

Nkhani ya alamu anu ifunika kuigwira mosamala, chifukwa ndi ya chikumbumtima. Musawakakamize kumvera chimene mtima wawo ukukana, ndipo musawaseke. Akhale ndi ufulu wopuma sabata imene sakugwirizana nayo, koma asakhale ndi mphamvu yoletsa ena kumvera. Sabata yawo ikafika abweretse chimbale cha nyimbo zauzimu, kaya cha Ethel Kamwendo Banda, kaya cha malemu Grace Chinga, kaya cha kwaya ya ku mpingo kwawo, ndipo okonda rege achimvere mpaka kumapeto ndi ulemu womwewo umene iwo akufuna. Komabe ndingawapemphe mayiwo kuti asanatseke khomo ayambe amva mawu a Evison Matafale. Woyimbayu, wa ku Chileka, adangotulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, asadamwalire ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, koma nyimbo zake zadzaza ndi nkhani ndi mayina a m'Baibulo, ndipo ndi munthu wowerenga Malemba amene angazimvetse mozama kuposa wongovina. Mwina akamva adzakanabe, ndipo kukana kwawo kudzalemekezedwe.

FUNSO

A Mkonzi, ife pa ntchito tili ndi mndandanda wa nyimbo zimene timamvera pa nthawi ya nkhomaliro. Mnzathu wina akuti tiike za Chichewa zokhazokha kuti tikweze luso la kwathu, ndipo wachotsa zimene ndidaika za Chitumbuka ndi za kunja. Kodi akulondola?

Mayi wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO

Mayi, cholinga cha mnzanuyo n'chabwino, koma wachotsa luso la kwathu lomwelo limene akuti akufuna kukweza. Malemu Wambali Mkandawire, amene adamwalira mu January 2021, ankayimba kwambiri m'Chitumbuka, ndipo chimbale chake Zani Muwone ndi chimodzi mwa zimbale zimene zidamveketsa dzina la Malawi kunja kwa malire athu. Mndandanda wa nyimbo za dziko lino wopanda Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga ndi woperewera, ndipo kuperewerako kumamveka kwambiri pa ofesi ya ku Mzuzu.

Za kunja nazonso musazithamangitse zonse. Makutu a Amalawi adaleredwa ndi nyimbo za maiko oyandikana nafe, zimene zinkabwera ndi wayilesi komanso ndi abale athu obwerera kuchokera ku migodi ndi ku minda ya ku Zimbabwe ndi South Africa. Munthu sangamvetse rege ya kwathu osamvako Lucky Dube, amene zimbale zake Slave ndi Prisoner zidalira m'mabasi ndi m'magolosale a dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo Oliver Mtukudzi ankamveka m'nyumba zathu ngati mwana wa pakhomo ngakhale ambiri sitinkamva Chishona. Gwirizanani muyeso woti pa zimbale zitatu zilizonse, ziwiri zikhale za kuno ndipo chimodzi cha kunja. Chofunika kwambiri ndi lamulo lakuti pasapezeke munthu wochotsa chimene mnzake waika popanda kukambirana naye.

FUNSO

A Mkonzi, ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ana anga adandipempha kuti nditchule chimbale chimene ndimachikonda, koma nyimbo zimene ndidakula nazo, za Allan Namoko ndi za a Kachamba, ndinkazimva pa wayilesi ndipo sindidziwa ngati zidali pa chimbale. Ndiponso ana angawa amatumizirana nyimbo pa foni osalipira kanthu. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Aphunzitsi a ku Thyolo

YANKHO

Aphunzitsi, funso lanu lakhudza chinthu chimene okonza mindandanda ambiri amaiwala. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990 dziko lino lidali ndi wayilesi imodzi yokha, ya MBC, ndipo oyimba ambiri a nthawi imeneyo ankajambulitsa nyimbo zawo kumeneko kuti ziziulutsidwa, osati kuti zigulitsidwe m'masitolo. N'chifukwa chake mumadziwa nyimbo zambirimbiri popanda dzina la chimbale. Lamulo lakuti aliyense atchule chimbale likagwiritsidwa ntchito mouma, limatsekera kunja mbadwo wonse wa oyimba amene adayala maziko.

Choncho uzani ana anu kuti sabata yanu idzakhala ya woyimba, osati ya chimbale. Allan Namoko, wa kwanu konko ku Thyolo, adali wosaona, ankayimba ndi banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo adamwalira mu 1995. Zina mwa nyimbo zake zidasonkhanitsidwa ndi kampani ya Pamtondo ya Dr. John Lwanda, kotero kuti ana anu akafufuza ndi dzina limeneli angathe kupeza poyambira. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, adajambulidwa kambiri ndi katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene adayamba kugwira nawo ntchito m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi chifukwa chake kayimbidwe kawo ka kwela kadasungika bwino kuposa ka anzawo ambiri. Chosangalatsa n'chakuti mudzi womwewo wa Singano ndiwo kwawo kwa Black Missionaries, kotero mwana wanu wokonda Mablacks adzapeza kuti nyimbo zanu ndi zake zidamera pa dothi limodzi. Musaope kuti achinyamata adzatopa nazo. Pamene Patience Namadingo adayimba limodzi ndi Giddes Chalamanda mu 2020, ndi achinyamata omwewo amene adafalitsa mawu a gogoyo pa TikTok mpaka kumaiko akutali.

Pa funso lanu lachiwiri ndiyankha mosabisa. Nyimbo ndi katundu wa amene adaipeka ndi kuijambula, ndipo lamulo la dziko lino la 2016 loteteza umwini wa ntchito za luso limanena zomwezo. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama m'malo mwa oyimba ndi kuwagawira. Kutumiza chimbale chathunthu pa gulu la anthu ambiri ndi kugawa katundu wa mwini popanda chilolezo chake, ngakhale wotumizayo sadalandirepo tambala. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, ndiponso kuti kwa anthu ambiri njira yapafupi ndi kupita kwa anyamata a pamsika amene amadzaza nyimbo mu memori khadi pa mtengo wochepa. Koma taona oyimba amene adasangalatsa dziko lonse akudwala popanda ndalama ya mankhwala, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima nthawi zonse.

Ana anu azitumizirana linki yopita kumene woyimbayo kapena kampani yake adaikako nyimbozo, kaya ndi pa YouTube kapena pa malo ena ovomerezeka, m'malo motumiza nyimbo yeniyeniyo. Amene ali kunja, komwe intaneti ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi malipiro awo, agule chimbalecho ngati chikugulitsidwa. Woyimba akakhala kuti ali moyo ndipo akubwera kudzayimba pafupi, banja lisonkhe ndalama ya pakhomo kuti awiri kapena atatu akamuonere. Nyimbo zakale zimene sizikupezeka pena paliponse, funsani ku MBC kapena ku COSOMA kuti akuuzeni amene ali ndi umwini wake tsopano, popeza nthawi zambiri amakhala ana kapena akazi amasiye a oyimbawo. Ngati muli ndi makaseti akale m'nyumba, asungeni pouma, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo ana anuwo akabwera pa tchuthi mudzawaimbire pa wayilesi ya kaseti muli nawo limodzi, mukuwauza dzina la woyimba aliyense ndi chaka chimene mudamumva koyamba.