Zanzibar mu Januwale, kwa amene akufuna kupuma zenizeni

Asisi a ku Manchester amene mwafunsa kuti mukufuna kuthawa chisanu mu Januwale kwa masiku 10, inu ndi bambo a kunyumba awiriwiri, ndiye mukuti kodi Zanzibar ili bho ndipo mbali yabwino ndi iti, pamene abambowo akuti bola ndalamayo tingopitira kumudzi. Ndiyambire kwa abambowo. Auzeni kuti kumudzi si holide. Tonse timadziwa, ukangotsika pa Chileka foni yayamba kale kulira, mawa kukaona azakhali kuchipatala, mkuja chinkhoswe, uku fizi ya mwana wa achimwene, ndiye Januwale kwathu ndi dzinja, mvula ndi matope, umabwerera ku ntchito uli wofooka kuposa mmene unanyamukira. Kumudzi mudzapita ulendo wina, uwu mwati ndi wopuma.

Nyengo mwasankhayo ili bwino. Ku Zanzibar Januwale ndi Febuluwale kumakhala dzuwa, masana kupitirira madigiri 30 komanso chinyontho, thukuta kumangoti chuu ngakhale wangokhala. Mvula yake yaikulu imagwa Malichi mpaka Meyi, imeneyo ndiye yoipewa.

Koma nkhani yaikulu imene palibe anandiuza ine ndisanapite ndi ya madzi. Ife tinazolowera nyanja yathu, ku Senga Bay kapena ku Mangochi madzi umawapeza pomwe unawasiya dzulo. Kumeneko ayi, nyanja imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo mbali ya kummawa, ku Paje ndi Jambiani, imathawa mtunda ndithu. Ine tsiku loyamba ku Jambiani ndinadzuka ndi thaulo paphewa kuti ndikasambe, ndangoona mchenga woyera basi, nyanja ili ukooo kamzere chabe. Azimayi anali atalowa kale ndi zitenje zawo mpaka m'maondo, akumangirira ndere za m'nyanja pa zingwe ndi tizikhomo ngati akupalira dimba, okha amazitcha mwani, amaziyanika n'kugulitsa. Zokongola kuonera, ndinakhala pamenepo ola lathunthu, koma kusambira kunali kodikira masana. Ndiye ndinachita makani kulondola madziwo opanda nsapato, ndinaponda kanthu kena kakuda kaminga, masiku awiri ndikuyenda chotsimphina. Tengani nsapato za m'madzi zija, musachite manyazi.

Ndiye ngati mukufuna kuti nthawi iliyonse mukatentheredwa muzingodziponya m'madzi, pitani kumpoto, Nungwi kapena Kendwa, pagalimoto pafupifupi ola ndi theka kuchokera ku eyapoti. Kumeneko madzi sathawa kwambiri ndipo dzuwa limalowera m'nyanja mukuliona. Vuto lake anthu ndi ambiri, nyimbo usiku, komanso anyamata a pagombe aja okha amati mapapasi, uyu akufuna akutengeni pa boti uyu akugulitsa zibangili, sungagone tulo pamchenga osadzutsidwa. Paje ndi ya achinyamata okokedwa ndi makaiti pamadzi. Kwa anthu otopa ndi mashifiti a usiku ngati inu ine ndinganene Jambiani kapena Matemwe, hotela yaing'ono yokhala ndi pulu kuti nyanja ikathawa musadandaule, basi.

Ndipo musadzaze masiku onse ndi maulendo, ndi pamene anthu amalakwitsa. Otsatsa maulendo akakuwerengerani akamba akuluakulu a ku Prison Island, anyani ofiira a m'nkhalango ya Jozani, minda ya zonunkhiritsa, ma dolphin, mukavomera zonse ndiye kuti tsiku lililonse kudzuka 6 koloko ngati mukupita ku ntchito. Sankhani ziwiri.

Chimodzi chokha chimene ndingakukakamizeni ndi Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, mugoneko usiku umodzi kapena uwiri kumapeto. Pitani ku tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini, chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu konkuno, kuwoloka nyanja pa Nkhotakota kwa Jumbe, kuyenda pansi mpaka ku Kilwa kenako pa ngalawa. M'kati mwa tchalitchicho muli mtanda wopangidwa ndi mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Ine ndinalowa m'tizipinda tapansi timene amaonetsa alendo, denga lake ungagunde mutu, ndinatuluka ndilibe mawu. Madzulo mukadzitonthoze ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja, kuli supu wotchedwa urojo, Zanzibar pizza ndi madzi a nzimbe ofinya pomwepo ndi ndimu, koma funsani mtengo musanaloze chala, ndipo nsomba zimene zakhalitsa pathebulo zisiyeni.

Zamapepala mwachidule: pasipoti ya Malawi safuna viza ku Tanzania, ya UK mulipira madola 50. Kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar linaika inshuwalansi yake yokakamiza kwa alendo, madola 44 munthu wamkulu, ngakhale muli nayo kale yanu, ndiye gulani pa intaneti musananyamuke. Majumbo a pulasitiki ndi oletsedwa. Ndege zambiri mudzasinthira ku Doha, Dubai, Istanbul kapena Addis Ababa. Mankhwala oteteza malungo mwani, zoti ine ndinakulira ku Nsanje udzudzu umandidziwa zinatha kalekale.

Anthu ake ambiri ndi Asilamu, ndiye zovala zosambira zithere pagombe, m'tauni ndi m'midzi fundani mapewa ndi maondo, chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa zonse. Chiswahili musaope, mawu ngati nyama, nyumba, mbuzi, njia muzingomva nokha.

Chomaliza asisi, zithunzi musaike pa status ya WhatsApp mpaka mutabwerera ku Manchester. Ine ndinaika chimodzi chokha tsiku lachiwiri, pofika madzulo amalume anali atandiimbira kale kuti mwafika pa Tanzania pompa osatiuza, basi ya ku Dar es Salaam ilipo tikupezeni komweko kodi.