Nyumba ndaipeza, nanga galimoto izigona pati?

Funso:

Malume, ndikufuna kusamuka m'kati mwa mzinda kuti ndikakhale kukamudzi kakunja pang'ono, komwe kuli phee ndipo lendi ndi yotsikirapo. Ndimagwira ntchito usiku katatu pa sabata, choncho galimoto ndiyo miyendo yanga. Mwa mafulati anayi omwe ndaona, imodzi yanditenga mtima. Ili pamdadada wa mabanja 6. Nditafunsa za poimika galimoto, ajenti anangoloza bwalo ndi makiyi n'kunena kuti malo ndi mbwee. Akufuna dipoziti Lachisanu. Ndipereke?

Namwino, mayi wa ana awiri

Yankho:

Mayi, ndalamayo iyambe yagona m'chikwama. Bwalolo munaliona nthawi yanji? Ndikuganiza kuti anali masana, eni magalimoto ali kuntchito. Mubwererekonso cha m'ma 8 koloko usiku pakati pa sabata, mukawerenge magalimoto omwe ali mumpandamo. Kumadera akunja kwa mzinda mabasi amayenda patalipatali, ndiye si zachilendo banja limodzi kukhala ndi magalimoto awiri. Bwalo lija la mbwee mukhoza kukalipeza lili thothotho.

Mupite pa galimoto yanu yomweyo, ndipo mutenge tepi yoyezera. Galimoto wamba imafuna malo a mamita pafupifupi 2.5 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Yokhayo imadya mamita 1.8, otsalawo ndi otsegulira zitseko, ndipo inu muli ndi ana oti muziwatsitsa pamodzi ndi zikwama zawo. Kumbuyo kwake pamafunika mamita ngati 6 kuti mubwerere n'kukhota kamodzi. Mulowe pageti, muimike, mutsegule zitseko zonse, kenako mutuluke chobwerera m'mbuyo. Ajenti akayamba kuyang'ana wotchi, asiyeni ayang'ane.

Chomwe ndikukuoperani kwambiri ndi kuimika mondondozana, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ine zinandionekera. Ndinakhalapo pamalo pena pomwe yanga inkagona mkati, ya aneba n'kutseka kumbuyo. Tsiku lililonse 5 koloko m'mawa ndinkagogoda pawindo lawo, bambowo n'kutuluka atakolekera thaulo m'khosi, maso ali psuu, akufunafuna makiyi. Anali munthu wabwino ndithu, koma pomatha miyezi itatu moni tinkapatsana wa pamphuno. Nanga inu wobwera m'bandakucha, ena akuthamangira kuntchito, mudzagogoda mawindo angati?

Mufunsenso za geti: amakhoma nthawi yanji, kodi mudzakhala ndi kiyi wanuwanu, ndipo mlonda alipo usiku wonse kapena ayi. Muone ngati nyale yapabwalo imayakadi. Ngati mwapatsidwa pansi pa mtengo, dziwani kuti mbalame ndi utomoni zimaononga penti. Muyang'anenso m'munsi mwa khoma la mpanda. Mukaona mzere wa matope, ndiye kuti mvula ikagwa madzi amadikha pamenepo.

Musadalire zoimika pamsewu. Makhonsolo ena salola galimoto kugona m'mbali mwa msewu, ena amafuna chilolezo, ndiye kafunseni ku ofesi yawo, osati kwa ajenti. Makampani ambiri a inshuwalansi nawo amafunsa komwe galimoto imagona, ndipo mukasamuka muyenera kuwadziwitsa.

Zonsezi zikakhala bwino, malowo alembedwe m'pangano la lendi. Lonjezo la pakamwa limapita ndi ajenti tsiku lomwe walandira gawo lake, inu n'kutsala ndi landilodi yemwe sanalonjeze kanthu. Pepalalo linene kuti malo anu ndi ati (nambala, kapena kuti oyamba kumanzere kwa geti), ngati mtengo wake uli kale mu lendi kapena ndi wapadera, komanso kuti alendo aziimika pati. Muonjezere mzere wina wonena zomwe zidzachitike landilodi akadzaganiza zomanga fulati ina pabwalopo, poti zimachitika.

Lachisanulo muwauze kuti dipoziti mupereka mukatha kusainirana pepala limeneli ndi mwini nyumba weniweniyo, risiti ili m'manja. Akayamba kuzembazemba, mukadali ndi mafulati ena atatu aja. Muwayendere onsewo usiku womwewo, tepi ili m'thumba.